Kakonzedwe ka ufa wa masamba wosamalira khungu ndi tsitsi kuno ku Johannesburg

Johannesburg ndi mzinda wa pamtunda, wokwera mamita pafupifupi 1,750 poyerekeza ndi nyanja yamchere, ndipo kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti mvula imasowa, mpweya umauma kwambiri, mwinanso m'mawa udzu umapezeka utayera ndi chisanu. Munthu amene anakulira ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nsanje sachedwa kuona zotsatira zake pathupi: miyendo imatuwa ngakhale wadzola, milomo imasweka, zidendene zimachita ming'alu, ndipo tsitsi limaduka n'kumatsalira m'chipeso. Zodzola za m'masitolo zilipo zamitundumitundu, koma mitengo yake imaboola m'thumba, choncho ambiri mwa ife timakumbukira masamba akumudzi, makamaka nimu ndi chammwamba, n'kuyamba kudzikonzera tokha. Njirayi ndi yabwino ikatsatidwa mosamala. Mfundo yoyenera kuigwiritsa kuyambira poyamba ndi yakuti ufa wa masamba umasungika miyezi ingapo ukakhala wouma, koma ukangosakanizidwa ndi madzi kapena mkaka umayamba kuwonongeka tsiku lomwelo, ndipo zidzolo zina zimene anthu amanamizira masambawo zimachokera pa kusunga zosakaniza zonyowa.

Yambani ndi kulidziwa tsamba

Chammwamba, chimene ku Chikwawa ndi ku Nsanje amachitcha sangowa ndipo m'masitolo a kuno chimalembedwa moringa, ndicho chofatsa pa khungu, n'chifukwa chake woyamba kumene ayenera kuyambira pamenepo. Nimu ndi wamphamvu, wowawa, ndipo amaumitsa khungu, kotero amayenera khungu lamafuta ndi m'mutu moyabwa. Mitengo iwiriyi inachokera ku India, imakonda malo otentha ndipo siipirira chisanu. Ichi ndicho chifukwa chake simuiona kawirikawiri m'misewu ya Johannesburg, pamene ku Limpopo alimi amalima chammwamba popanda vuto.

Pano pali ngozi imene Mmalawi aliyense wofuna kuthyola masamba yekha ayenera kuidziwa. M'mayadi, m'mphepete mwa njanji ndi m'malo osiyidwa mumzinda muno mwadzaza mtengo umene eni dziko amautcha syringa, womwe kwathu ndi indiya. Ndi wa banja limodzi ndi nimu ndipo mukauonera patali mukhoza kulumbira kuti ndi nimu, koma si iye. Tsamba la nimu lili ndi kamsana kamodzi, ndipo timasamba tosongoka, topindika pang'ono, ta mano m'mphepete, timamera molunjika pa kamsanako mbali zonse ziwiri. Tsamba la indiya kamsana kake kamagawikanso tinthambi tina, ndipo timasamba timamera pa tinthambito. Maluwa a nimu ndi oyera, pamene a indiya ndi apepo wotuwira, onunkhira, ndipo amatuluka cha mu Seputembala ndi Okutobala. Chizindikiro chosavuta kuposa zonse chimaoneka m'nyengo yozizira: indiya amayoyola masamba onse n'kutsala ndi tizipatso tachikasu tolendewera m'magulumagulu pa nthambi zopanda kanthu. Tizipatso timeneto ndi poizoni, makamaka kwa ana. Masamba a mtengo umenewu musawaike m'zodzola zanu, ngakhale wina akutsimikizireni kuti ndi nimu wa kuno.

Amene amagwira ntchito za m'munda m'mayadi a kumpoto kwa mzinda ali ndi mwayi wina, chifukwa rosemary, kachitsamba ka masamba onunkhira, amamera bwino kwambiri kuno ndipo amafunika kudulira pafupipafupi. Masamba ake ndi abwino pa madzi otsukira tsitsi, bola mwapempha kwa eni ake ndipo mukudziwa kuti sanapoperedwe mankhwala ophera tizilombo. Masamba a m'mbali mwa msewu waukulu asiyeni, chimodzimodzinso a kufupi ndi milu ya dothi la m'migodi kumwera kwa mzinda, poti mphepo ya mu Ogasiti imaulutsa fumbi la miluyo, lomwe lili ndi zitsulo zoipa, n'kulimwaza pa zomera zonse za m'deralo.

Kugula kapena kuitanitsa kumudzi

Ufa wa nimu ndi wa hina, tsamba lodayira tsitsi, umapezeka m'masitolo a amwenye ku Fordsburg ndi ku Mayfair, wa chammwamba umapezeka m'mafamase akuluakulu ndi m'masitolo a zakudya zopatsa thanzi, ndipo pamsika wa ku Yeoville pamakhala masamba ouma ochokera m'mayiko osiyanasiyana a mu Africa. Pogula yang'anani zinthu zitatu. Mtundu ukhale wobiriwira, chifukwa ufa wofiirira kapena wotuwa ndi wakale kapena unaumitsidwa padzuwa. Fungo likhale la masamba, osati la chinyezi. Ngati uli m'paketi, pakhale polembedwa dzina la mtengo umodzi wokha ndi tsiku lotha ntchito. Ufa wogulitsidwa m'kapepala kopanda dzina, umene wogulitsa akuti wasakaniza mitengo isanu ndi iwiri yachinsinsi, ine sindingaupake kumaso kwanga ndipo sindingalangize wina kutero.

Ngati mukuitanitsa kumudzi kudzera kwa abale okwera basi kapena kwa matransipota, pemphani masamba ouma osasinja m'malo mwa ufa, chifukwa tsamba lathunthu mumatha kulizindikira ndi maso, kuona ngati lachita nkhungu, ndiponso limasunga mphamvu yake nthawi yaitali. Kumbukiraninso kuti South Africa ili ndi malamulo oyendetsera kalowedwe ka zomera ndi zinthu zochokera ku zomera, kotero wonyamulayo akhoza kufunsidwa chilolezo pachipata cha Beitbridge, ndipo si bwino kumusenzetsa thumba lalikulu la masamba osamufotokozera kuti ndi chiyani.

Kuyanika

Mukapeza masamba aawisi, achotseni ku nthambi zake, tayani achikasu, obooka ndi a mawanga, kenako atsukeni kawiri m'madzi ozizira. Akung'untheni bwino n'kuwayala mosaunjika pa lichero, pa thireyi kapena pa chitenje choyera, m'chipinda mopita mphepo koma mosafika dzuwa. Dzuwa la kuno ndi laukali chifukwa cha kukwera kwa malo, ndipo limachotsa kubiriwira kwa masamba pamodzi ndi gawo la mavitamini ake m'maola ochepa. Atembenuzeni m'mawa ndi madzulo. M'nyengo yozizira, pamene mpweya uli wouma, timasamba tating'ono ta chammwamba timauma m'masiku atatu kapena anayi, a nimu amatenga nthawi yotalikirapo. M'nyengo ya mvula, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, chinyezi cha mabingu a masana chimachedwetsa ntchitoyi, ndipo m'chipinda chogona anthu ambiri, mophikidwanso momwemo, masamba akhoza kuchita nkhungu asanaume. Zikatero ndi bwino kuwaika mu uvuni pa moto wotsikitsitsa, wosapitirira madigiri 50, chitseko chili chotsegula pang'ono.

Tsamba louma mokwanira limathyoka ndi kamphokoso mukalifinya, n'kufumbutuka m'zala. Likamapindika osathyoka, mkati mwake mukadali madzi, ndipo mukalisinja choncho ufa wake umaumbika timibulu n'kuyamba kununkha pasanathe sabata ziwiri.

Kusinja, kusefa ndi kusunga

Mtondo ndi munsi n'zosowa m'mafulati a ku Hillbrow kapena m'zipinda za kuseri kwa nyumba ku Rosettenville, koma kamtondo ka adyo kotsukidwa bwino, chigayo chaching'ono cha khofi kapena bulenda youma zimagwira ntchitoyi. Ngati kamtondoko kanasinjidwapo tsabola, musakayerekeze. Sinjani pang'onopang'ono, ndipo pogwiritsa ntchito makina muzipumira kuti ufa usatenthe. Mukatha, dikirani kaye musanatsegule chivundikiro, apo ayi fumbi la nimu likulowani m'mphuno ndi kukhosi, ndipo kuwawa kwake kumakhalitsa.

Kusefa ndi pamene ambiri amachitira ulesi, chonsecho ndi pamene pamasiyanitsa ufa wabwino ndi woipa. Sefani koyamba ndi sefa ya ufa wa nsima, kachiwiri ndi kasefa ka tiyi kapena kansalu kopyapyala. Tsinani pang'ono n'kutikita kuseri kwa dzanja: mukamva timitsitsi tolasa, sefaninso, chifukwa timitsitsi ta masamba timakanda khungu la kumaso ndipo tikalowa m'tsitsi lathu lopotana sitituluka msanga. Zotsalira m'sefa musataye, zidzagwira ntchito pa madzi otsukira tsitsi.

Ufawo ikani m'botolo lagalasi louma bwinobwino, lotsekeka mothina, mulembepo dzina la tsamba ndi tsiku limene mwasinja, n'kuliika m'kabati mwamdima. Kubafa si malo ake, pawindo si malo ake. Potapa gwiritsani ntchito supuni youma nthawi zonse. Sinjani wokwanira miyezi itatu kapena inayi yokha, ndipo mukaona kuti mtundu wasintha kapena fungo lazilala, konzani wina.

Yesani kaye pamalo pang'ono

Kukhala kwachilengedwe sikutanthauza kuti tsamba silingakuwengeni. Musanapake kumaso kapena m'mutu, sakanizani kaufa kochepa ndi madontho a madzi, mupake mkati mwa mkono pafupi ndi chigongono kapena kuseri kwa khutu, mutsuke pakatha mphindi 15, kenako muyang'anire malowo kwa maola 48. Nthawi imeneyi ndi yofunika chifukwa ziwengo zina zimachedwa kuoneka. Pakafiira, pakatupa, pakayabwa kapena pakatuluka timatuza, tsamba limenelo si lanu. Tsamba lililonse liyesedwe palokha, kuti likakuwengani mudziwe lomwe lalakwa.

Chopaka kumaso

Tengani supuni yaing'ono imodzi ya ufa wa chammwamba, masupuni aang'ono awiri a yogati wopanda shuga kapena amasi, amene ndi chimodzimodzi chambiko cha kwathu, ndi theka la supuni yaing'ono ya uchi. Takasani m'kambale koyera mpaka zikhale ngati phala la mwana, losayenderera komanso losalimba. Sambani kumaso ndi sopo wofatsa, pukutani pang'ono, ndipo pakani ndi zala zoyera, kusiya malo ozungulira maso ndi milomo. Dikirani mphindi 10. Musayembekeze kuti ziume gwa mpaka kumang'ambika pankhope, chifukwa mumpweya wouma wa kuno chopaka chikauma chimayamba kuyamwa chinyezi cha khungu lenilenilo. Pochotsa nyowetsani kaye ndi madzi ofunda, chifewe, kenako tsukani osakhula. Khungu likadali lonyowa pang'ono dzolani mafuta anu a masiku onse nthawi yomweyo. Ufa wa masamba umatsuka ndi kusalalitsa, koma suteteza khungu kuti lisaume, ndipo amene amadumpha kudzola amadabwa kuti nkhope ikutuwa kuposa kale.

Ngati khungu lanu ndi lamafuta ndipo limatuluka ziphuphu, chotsani theka la ufa wa chammwamba muikepo wa nimu. Kamodzi pa sabata ndi kokwanira, ndipo mu Juni ndi Julayi kamodzi pa sabata ziwiri. Chotsala m'kambale tayani, musachisungire mawa ngakhale mufiriji.

Pa Facebook ndi pa TikTok pamayenda malangizo akuti muzithiramo madzi a mandimu, soda kapena mankhwala otsukira mano kuti mawanga achoke msanga. Musatero. Khungu la munthu mwachibadwa lili ndi asidi wochepa amene amaliteteza. Madzi a mandimu ali ndi asidi wochuluka kwambiri, ndipo akakumana ndi dzuwa pakhungu akhoza kuwotcha, pamene soda amachotsa asidi woteteza uja. Pakhungu lakuda, paliponse pamene papsa kapena pakandika pamasiya banga lakuda lotenga miyezi kuti lizilale, kotero wofuna kuchotsa mawanga mwa njira imeneyi amangowaonjezera. Musasakanizenso ufawu m'mafuta oyeretsa khungu. South Africa inaletsa mankhwala oyeretsa khungu otchedwa hydroquinone m'zodzola mu 1990, koma mafuta otere akugulitsidwabe mobisa, ena ali ndi mankhwala amphamvu opyapyalitsa khungu, ndipo kuthiramo chammwamba sikuchotsa kuopsa kwake.

Mafuta a masamba

Pa miyendo, manja ndi m'mutu mouma, chothandiza kwambiri m'nyengo yozizira ndi mafuta amene mwaviikamo ufa, ndipo ichi chokha ndicho chosakaniza chimene mungasunge nthawi yaitali, chifukwa mulibe madzi. Ikani masupuni aakulu awiri a ufa m'botolo louma, thiranimo kapu imodzi ya mafuta a mpendadzuwa, a olivi kapena a kokonati, ndipo takasani. Wiritsani madzi m'poto, chepetsani moto mpaka angofuka nthunzi, n'kukhazika botololo m'madzimo kwa ola limodzi kapena awiri, kusamala kuti dontho la madzi lisagweremo. Musakazinge ufa m'mafuta pamoto mwachindunji, umapserera. Amene sakufulumira akhoza kungotseka botolo n'kulisiya m'kabati sabata ziwiri, kumalikhutchumula tsiku ndi tsiku. Kenako sefani ndi kansalu, musiye usiku umodzi kuti nsenga zikhale pansi, m'mawa mutsanulire mafuta obiriwirawo m'botolo lina. Masamba aawisi asalowe m'mafuta, poti madzi ake ndi amene amabweretsa nkhungu.

Dzolani mukangotuluka kosamba, thupi lisanaumiretu, ndipo pa zidendene zong'aluka pakani Vaseline pamwamba pake n'kuvala masokosi pogona. Mafutawa amatha kukhala miyezi iwiri kapena itatu, koma akayamba kununkha atayeni. Amathimbiriritsa nsalu zoyera, choncho kolala ya yunifolomu ya kuntchito ndi pilo muzizisamala.

Za tsitsi

Kupaka phala la ufa m'tsitsi lachilengedwe n'kudzipatsa ntchito, ndipo m'malukidwe, m'meshi kapena m'madiredi n'kulakwitsa kwenikweni, chifukwa ufa umakanirira mkati, umasunga chinyezi n'kuyamba kununkha. Njira yabwino ndi ya madzi osefa. Ikani masupuni aakulu awiri a ufa, kapena zotsalira m'sefa zija, m'theka la lita ya madzi owira kumene, vundikirani kwa mphindi 30, kenako sefani kawiri ndi kansalu mpaka madzi asaoneke nsenga. Pa m'mutu moyabwa ndi mfundu gwiritsani ntchito nimu, pa tsitsi louma chammwamba kapena rosemary. Mukatsuka tsitsi ndi shampu, thirani madziwa pang'onopang'ono mutaweramitsa mutu cham'mbuyo kuti asalowe m'maso, tikitani khungu la m'mutu ndi nsonga za zala osati zikhadabo, dikirani mphindi zisanu, n'kutsukuluza ndi madzi ofunda. Pomaliza pakani mafuta a masamba aja pang'ono, kapena a nsatsi. Madzi otsala asapitirire masiku awiri mufiriji, ndipo mchitidwe wowathira m'kabotolo kopopera n'kumayenda nako m'chikwama sabata yonse ukhoza kubweretsa tizilonda m'mutu.

Tsamba limene ndimaliona kuti timalipeputsa ndi chewe, thelele lija lomera lokha m'minda. Masamba ouma amene amagulitsidwa pa intaneti pa mtengo wokwera ndi dzina lakuti ambunu, ochokera ku Chad, ndi a chomera cha mtundu womwewo, ndipo anzathu a ku Zimbabwe ali ndi chawo chotchedwa feso chimene amatsukira tsitsi kuyambira kale. Viikani kadzanja kamodzi ka masamba ouma a chewe m'madzi otentha kwa mphindi 20. Madziwo amanyololoka, ndipo mukanyamula supuni amakoka ulusi. Sefani, pakani m'tsitsi logawidwa m'zigawo zinayi, n'kuyamba kulimasula ndi zala kuchokera kunsonga kupita kumizu, chipeso cha mano otalikirana chibwere pambuyo. Pomasula malukidwe amene akhala sabata zisanu ndi imodzi, madzi oterera amenewa amapulumutsa tsitsi lambiri lomwe likanaduka. Kumbukirani kuti apa simukuphika ndiwo, choncho chidulo ndi soda zisayandikire.

Amene mwangowongola kumene tsitsi ndi mankhwala kapena mwalidaya, dikirani sabata ziwiri musanathire madzi a masamba, kuti khungu la m'mutu lipole. Dziwaninso kuti tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo ntchito ya masambawa ndi kuchepetsa kuduka, osati kufulumizitsa kakulidwe. Tsitsi la pachipumi ndi m'mbali lothothoka chifukwa cha malukidwe othina limabwerera pokhapokha mutasiya kulikoka, apo ayi mizu imafa ndipo palibe ufa ungaidzutse.

Hina ndi nkhani ina. Uyu ndi utoto weniweni, umasiya mtundu wofiira ngati wa lalanje umene umaonekera kwambiri pa imvi, ndipo suchoka mpaka tsitsilo litakula n'kumetedwa. Wotchedwa hina wakuda nthawi zambiri amakhala atathiridwa mankhwala a PPD, amene akhoza kutupitsa nkhope ndi kutulutsa matuza. Ana akhanda asapakidwe hina wa mtundu uliwonse.

Pofunika chipatala

Zokonza pakhomozi ndi za khungu ndi tsitsi la munthu wamkulu amene alibe matenda. Musapake pa bala, pa zilonda zotuluka madzi kapena pa khungu la khanda. Mafuta a nimu asamwedwe, makamaka ndi ana, chifukwa akhoza kuwakomola, ndipo amayi oyembekezera asamwe nimu mwa njira iliyonse. Chammwamba, kunena zoona, chimapindulitsa thupi kwambiri mukachidya m'phala kapena m'ndiwo kuposa mukachipaka, popeza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ufa wake ndi mapuloteni, ndipo muli ayironi, kashiamu ndi vitamini A zomwe thupi limazipeza bwino kudzera m'chakudya.

Chipere cha m'mutu mwa mwana, chija chimasiya kabwalo kotuwa kopanda tsitsi, sichitha ndi zopaka, chifukwa kachilombo kake kamakhala mkati mwa tsitsi lenilenilo. Chimafuna mankhwala akumwa kwa masabata angapo, ndipo kuchedwa nacho kumapatsira ana ena kusukulu ndi kunyumba kudzera m'zipeso, zisoti ndi makina ometera. Mphere nazonso zimafuna mankhwala a kukiliniki, opakidwa ndi onse a m'nyumbamo nthawi imodzi. Ngati mfundu kapena ziphuphu sizikusintha mutayesa kwa mwezi wathunthu, kapena mwapaka chinthu ndipo nkhope yatupa, tsukani ndi madzi ambiri, siyani kupaka, ndipo popita kukiliniki nyamulani botolo la ufawo kuti namwino aone chimene munagwiritsa ntchito. Kutupa kukafika m'milomo kapena kukhosi mpaka kupuma kukuvuta, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuti kuche.